Tinthenga ta mayina a ku Lifidzi

A Custódio Chimango amalima chimanga, nyemba ndi kachewere ngati wina aliyense ku Lifidzi, koma mukawafunsa ntchito yawo amayamba akhosomola kaye, kenako n'kukuuzani kuti ndi sekeretaliyu wa bungwe la alimi. Za khasu amazitchula pambuyo, mwina osazitchula n'komwe.

Kulemba anaphunzira ku sukulu ya mishoni ya Fonte Boa, m'manja mwa mphunzitsi amene sankasiyana ndi ndodo. Mwana akaiwala asentu, kachizindikiro kaja kamakhala pamwamba pa chilembo m'mayina ngati Rogério kapena Nércia, ndodo inkatera pa zala. Anthu a kuno kachizindikiroka amangokatcha kanthenga. Nkhondo itavuta a Custódio anathawira ku Dedza, kumene kalaliki wa pamsasa anawalemba kuti Kusitodiyo, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri analandira ufa pa dzina limenelo uku akung'ung'udza. Atabwerera mu 1993, nyumba isanafoleredwe n'komwe, anatenga khala n'kulemba dzina lawo pachitseko, kanthenga kali chilili. Anakankhako njinga ya katundu pa malire a Kalomwe mpaka mawondo anakana, ndipo alimi atayambitsa bungwe lawo panalibe zovota. Kaderinu, buku la mayina a alimi, ndi kalimbu wodindira mapepala anangowapatsira m'manja.

Mavuto anabwera pa njinga yamoto, Lachiwiri lina mvula itangosiya. Anabwera nawo ndi Laurinda, mlangizi wa zaulimi, mtsikana wothamanga magazi amene amalankhula akuyang'ana wotchi. Anatsegula kompyuta pa tebulo la m'nyumba yosungira mbewu n'kuitembenuzira kwa a Custódio, amene iye ankawatcha tiyu, ndiye kuti malume.

"Tiyu, taonani zimene achita a kampani ya mbewu. Asintha makina osungira mayina, ndiye atsopanowa tinthenga satidziwa."

A Custódio anavala magalasi. Pamene panayenera kukhala Aurélio panali Aur, kenako kabokosi, kenako chizindikiro cha funso, kenako lio. Laurinda anafotokoza kuti makinawo akakumana ndi zotere amalavula dzina lonse. Mwa alimi 312 a m'bungwemo, 71 anali atalavulidwa kale.

"Lisita ikutsekedwa Lachisanu meyu-diya, dzuwa lili pamutu," anatero Laurinda. "Amene palibe, mbewu ya kachewere chaka chino aiwale. Koma mankhwala ake ndi apafupi. Ndidina apa kamodzi, tinthenga tonse tichoka, mayina alowa. Inu mungomenya kalimbu, ine ndizipita."

A Custódio anavula chipewa n'kuvundikira nacho mabatani a kompyuta.

"Mwana wanga, dzina la munthu si nkhuku yoti n'kuisosola mwini wake ali kumunda. Eni ake mwawafunsa?"

Laurinda anaseka mpaka kugwira tebulo. Anasiya kuseka ataona kalimbu akulowa m'thumba la jekete, chifukwa lisita yopanda kalimbu wa bungwe kampani siilandira. Anawachonderera, anawawerengera masiku pa zala, koma mkulu uja anali akumanga kale kaderinu pa keliyala ya njinga.

"Chabwino," anatero potsiriza. "Lachisanu ndibweranso. Mukachedwa, mabanja 71 mukawafotokozere nokha."

Lachitatu m'mawa, kuzizira kukuluma makutu, a Custódio anayambira kwa a Aurélio. Tsono kwathu kuno nkhani saitulira pakhomo ngati mtolo wa nkhuni. Panayamba odi, panatuluka mpando, anafunsana za ana, za chifuwa cha mayi a kunyumba, za mbuzi imene inathyoka mwendo. Kenako inabwera mbale ya chimanga chophika. Dzuwa litakwera ndithu m'pamene kaderinu anatsegulidwa.

A Aurélio, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, anali asakudziwa kuti ali ndi kanthenga. Atakaona anaitana mkazi wawo, mkazi anaitana oyandikana nawo.

"Ndiye kameneka n'kanga? Kuyambira liti?"

"Kuyambira pa ubatizo."

"Ndiye lero ndakadziwa, lero lomwe mukukalanda? Mukakachotsa muzikakasunga kuti?"

Funso limeneli a Custódio sanaliyembekezere. Anang'amba kapepala kumapeto kwa kaderinu, n'kulembapo dzina lonse ndi zilembo zawo za pa Fonte Boa zija, kanthenga kakukulu bwino, n'kudindapo kalimbu. Anati kanthengako akasunge mwini wake, makina atenge zotsalazo. A Aurélio analandira ndi manja awiri, n'kukasomeka pa lamba wa chipewa. Anavomera, koma anati mlendo wobweretsa zotere sachoka asanamwe thobwa.

Nyumba yachiwiri kunali maungu. Yachitatu kunali mtedza, komanso mayi ake a Nércia, mtsikana wa m'bungwemo, ananena kuti dzinalo analipereka ndi azakhali a mwanayo, ndiye iwo sangavomereze chinthu cha eni. A Custódio anapalasa kukwera phiri kukafuna azakhaliwo, amene anakumbutsa aliyense kuti popereka dzinalo anaperekanso nkhuku yathadzi, n'kufunsa ngati nkhukuyo ibwezedwe. Pofika madzulo mimba inali itadzaza, njinga akuikoka chifukwa kukwera kunali kosatheka, ndipo mu kaderinu munali nyumba zisanu ndi zinayi zokha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. A Custódio anachita mantha enieni tsiku limenelo. Anawerengera, n'kupeza kuti pa liwiro limenelo adzamaliza anthu ena akukumba kale kachewere.

Amene anawapulumutsa ndi a Celso, ngakhale a Celso anabwera kudzayambana. Lachinayi kusanache bwino anali atafika pa nyumba yosungira mbewu, nkhope ili gwa.

"A sekeretaliyu, ndamva kuti mukugawa mapepala a kalimbu. A Aurélio dzulo ayenda msika wonse chipewa chili patsogolo. Ine ndinalowa bungwe lino iwo asanalowe. Kanthenga kanga kali kuti?"

"Inu mulibe, a Celso. Dzina lanu makina alilandira kale."

"Ndilibe chifukwa chiyani? Ndinalakwira yani?"

Phokoso limeneli linaitana anthu. Mbiri inali itayenda usiku wonse popanda njinga, ndipo aliyense ankafuna kudziwa ngati ali m'gulu la a nthenga kapena la ometedwa mpala. Dzuwa lisanafike pamutu, mzere unali utazungulira nyumbayo kawiri. A Custódio anatulutsa tebulo panja. Munthu akafika ankamuonetsa dzina lake, kumufunsa mwaulemu ngati akulola, iye n'kuvomera, kapepala n'kudindidwa. Amene anapezeka ndi kanthenga ankachoka akuyenda monyang'wa. Mayi wina anapezeka ndi tiwiri, ku dzina ndi ku dzina la bambo ake, ndipo anzake anamunyamula m'mwamba akululutira. Amayi anapeka nyimbo pomwepo, yonyoza amuna opanda nthenga, ndipo amuna opanda nthengawo ndi amene anavina kwambiri. A Celso sanachoke mpaka analemberedwa kapepala kawo kopanda kanthu pamwamba, kamene anakasomeka pachipewa chimodzimodzi. Wina anayamba kugulitsa zitumbuwa.

A Custódio anaseka tsiku limenelo mpaka magalasi kuchita nthunzi. Madzulo atawerenga anapeza 70. Amene sanabwere anali mmodzi, a Inácia, mayi wamasiye wokhala kutsidya kwa dambo.

Lachisanu anawapeza kudimba. Mizere inali itakonzedwa kale, yowongoka, manyowa atathiridwa, ikungodikira mbewu. A Inácia anapukuta manja pachitenje, anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Ndinamva dzulo nyimbo zanuzo. Ine ayi, achimwene."

A Custódio anatulutsa kapepala kamene anali atalemberatu, nati akasunga okha ngati anzawo onse. A Inácia sanakalandire.

"Anzangawo amawerenga, kapena ali ndi ana pakhomo owawerengera. Ine sikola sindinaiponde. Akamata lisita kuchipatala kapena kutchalitchi, ndimayendetsa chala kufuna dzina loyamba ndi kamtengo koima, lokhala ndi kanthenga pafupi pomwepo. Ndikalipeza ndimadziwa kuti ndine. Anandionetsa ndi malemu amuna anga, tili ku Malawi. Zaka zonsezi sindinapemphepo munthu kuti andipezere dzina langa pakhoma."

A Custódio anatsitsa dzanja lawo. Masiku atatu anali akuyenda ngati mwini tinthenga, koma apa anaona kuti iwo kanthenga ankangokanyadira, pamene mayiyu ankakagwiritsa ntchito. Zinawapweteka, ndipo anachita manyazi ndi kapepala kanali m'manja mwawo. Komabe dzuwa linali kukwera, ndiye ananena zoona zake mosazungulira, kuti kanthengako kakatsala makina alavula dzina, ndipo mizere imeneyi ikhala yopanda kanthu.

A Inácia anayang'ana mizere yawo nthawi yaitali. Anatola kabuluma ka dothi n'kukaphwanya ndi zala.

"Kachotseni," anatero. "Kanthenga sikabzalidwa. Ndizikafunsa ana a eni."

A Custódio anapalasa ngati mawondo ndi a munthu wina. Anafika thukuta lili kamukamu, Laurinda atakhala kale pa tebulo, wotchi itatsala mphindi makumi awiri. A Custódio anangogwedeza mutu kuvomereza. Laurinda anadina kamodzi, ndipo iwo asanamalize kupuma tinthenga tonse tinali titapita. Mayina 312 analowa, kalimbu anamenyedwa. Laurinda anawomba m'manja, nati akawagulira chakumwa, koma mkulu uja anati mimba sinachire za Lachitatu, n'kupita kwawo mwakachetechete.

Galimoto ya mbewu inafika sabata yotsatira. Lisita yochokera ku kampani, masamba asanu ndi atatu, anaikhoma ndi timisomali pakhoma la nyumba yosungira mbewu, kuti aliyense apeze dzina lake, atchule nambala ya pambali pake, alandire thumba. Kunali chisangalalo chokhachokha. Zipewa zonse zinali ndi timapepala, nyimbo ija inali itawonjezeredwa ndime, ndipo a Celso ankauza a Aurélio kuti tsopano onse ndi a mpala, asamadzimve.

A Custódio ankayang'ana munthu mmodzi. A Inácia anafika pakhoma, anaika chala pamwamba pa tsamba loyamba n'kutsika nacho pang'onopang'ono. Anapita pa lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Anabwerera poyamba. Kumbuyo kwawo anthu anayamba kukankhana, wina nati amayi afulumire. A Inácia anatembenuka kuyang'ana amene angamufunse.

"Laurinda," ananong'ona a Custódio, "pepala lili pakhomali makina aja amaliona?"

"Ayi, tiyu. Limenelo ndi lanu."

A Custódio anadzipanikiza m'gulumo akudandaula mokweza kuti amene anakhoma tsamba lachinayi sadziwa ntchito, mphepo ilichotsa. Analizula, anatembenukira kukhoma, analitsamiritsa pabondo, kaneta yawo yolembera n'kugwira ntchito yake kamodzi kokha pamwamba pa dzina limodzi. Kenako analikhomanso bwinobwino n'kubwerera ku tebulo osayang'ana munthu.

A Inácia anayambiranso pa tsambalo. Chala chinatsika, chinadutsa mayina khumi ndi angapo, n'kuima. Anakhala kanthawi chala chili pomwepo.

"Ndine uyu," anatero, osafunsa aliyense.

Laurinda anawerenga nambala, anyamata a pagalimoto anatsitsa thumba. A Inácia anapinda nkhata, anyamatawo anawasenzetsa, ndipo mayiwo anatsetserekera kudambo kuti akabzale dzuwa lisanatenthe.