Nkhuni zimene mwana wathu anatola ku Vubwi

Ulendo uja anauyambitsa amuna anga. Sukulu zitatsekera anati tikaone mapiri a ku Vubwi, ati mwana wathu wamkazi wakulira kusukulu yogonera komweko ku Lusaka ndipo dziko lakwawo amangolionera pa mapu. Ine ndinangovomera, ngakhale motoka yathu ndinkaidziwa bwino, nkhalamba yotsokomola.

Tinaona miyala ikuluikulu yosanjikizana, tinajambulana, tinadya nthochi mpaka kukhuta. Pobwerera ku Katete, dzuwa litapendeka, lamba wa injini anaduka. Makaniko anatiuza pafoni kuti afika m'mawa. Tinakankhira motoka pambali n'kuyamba kuzika tenti yobwereka m'munda wa thonje wokolola kale, ine ndikuwalalatira amuna anga.

Pokangana choncho, sitinaone kuti mwana wachoka. Anabwera atasenza mtolo wa nkhuni zouma bwino, womanga ndi kansalu kofiira kong'ambikang'ambika.

"Amayi, uko nkhuni zangoti mbwee, anthu satola n'komwe," anatero akuloza kamsitu kowirira pakati pa minda.

Kwathu kuno mitengo ikatsala yokha chotero ndiye kuti ndi manda, ndipo kumanda n'kumene kumakhala dambwe, malo obisika a anthu a gule. Mkazi sapondako. Wosalowa gule akapezeka kumeneko amamugwira. Mwana wa m'mudzi aliyense amadziwa zimenezi, koma wathu tinamuphunzitsa Chingerezi ndi nyimbo za kwaya basi.

Ndinamukankhira m'motoka n'kutseka zitseko. Posakhalitsa kumsitu kuja kunamveka likhweru, ndipo amuna angapo anatulukira akuyenda mosafulumira. Kusafulumira kwakeko n'kumene kunandiopsa kwambiri.

"Zikomo pano," anatero wamkulu wawo, bambo waimvi. "Mtsikana watuluka m'mitengo muja ndi wanu? Tipite naye akanene zimene waona."

Ndinagwada, ndinapepesa, ndinati ndi mlendo sadziwa kanthu. Bamboyo sanandiyang'ane n'komwe. Mnzake anali atagwira kale chitseko cha motoka, mwana akulira m'katimo.

Amuna anga anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, kumene munthu wa gule amamuchotsa mumpingo tsiku lomwelo. Ndinkaopa kuti ayamba kuwalalikira, zinthu n'kuipiratu. Koma iwo anavula nsapato, n'kupita pafupi ndi bambo waimvi uja, n'kulankhula motsitsa mawu. Chinali Chichewa chomwechi, koma ine sindinatolepo kanthu. Bamboyo anafunsa funso, iwo anayankha. Anafunsanso lina, anayankhanso osadodoma. Wachitseko uja anachotsa dzanja.

"Kodi nanunso ndinu eni ake a gule?" anatero bamboyo akupukusa mutu. "Nanga mwana osamulangiza bwanji?"

Amuna anga anatola mtolo uja, ndi kansalu komwe, n'kuuika paphewa. Analowa nawo m'mitengo osacheuka. Ine ndinatsala chiimire, dzanja pagalasi la motoka. Ndinkaopa kuti sabwerako, komanso mtima unali kuwawa. Zaka zonse zija tikugona chipinda chimodzi, munthu osandiuza kuti analowa gule!

Anabwera kusanade, fumbi lofiira mpaka m'maondo. Anati nkhani yatha, mawa tikapereka nkhuku kumudzi. Moto sitinasonkhe. Tinadya buledi ndi madzi, mwana n'kulowa m'tenti maso atatupa.

Titatsala awiri anakhala pa mzere wa thonje, akuyang'ana mapazi awo.

"Ndinali wamng'ono, amalume ndiwo ananditengera," anatero. Kenako anafunsa, "Amake mwana, mukanena kumpingo?"

Ndinali ndi mawu ambiri, ine pakamwa sindisowa chonena. Koma ndinamva mwana akufwenthera m'tentimo, ali wathu, palibe amene wamukhudza. Ndinatenga botolo la madzi amene anatsala n'kuwaikira pafupi.

"Sambani mapazi, musalowe nalo fumbilo m'tenti ya eni."

Sitinaikambenso nkhaniyi, ngakhale tsiku limodzi. Lamlungu lililonse ndinkawaona ataima kutsogolo, Baibulo m'manja, ine n'kumaimba nawo nyimbo pabenchi la amayi. Anamwalira ali mkulu wa mpingo, ndipo n'chifukwa chake lero ndatha kulemba.