Chikombole Changa ndi Malo a Lusiya ku Sukulu ya Ntchito Zamanja

Inu anyamata ndi atsikana a mudzi uno, amene mwapangana kuti mvula ikakata muyamba kuumba njerwa za nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, ndakulemberani mawu awa kuti muwawerenge musanaponde dothi. Ndamva kuti mwayamba kale kukangana za chikombole, ena akuti titenge cha a Yohane, ena akuti cha kutchalitchi. Mkangano wotere ine ndinaukanganapo, ndipo ndinapambana. Kupambana kwangako kunatsala pang'ono kumutsekera khomo la sukulu mwana wa mlongo wanga. Tsono khalani pansi mumve ulendo umene ndinayenda pokakonza zimene ndinaononga.

Poyamba mudziwe mmene sukuluyo inabadwira. Titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, tinapeza midzi ili mabwinja, amisiri ena atamwalira, ena atakhazikika kutali. Akuluakulu a boma ndi a mipingo anagwirizana kuti nyumba yakale yosungiramo thonje, chakufupi ndi ku Chifunde, imene denga lake linapita ndi nkhondo, isanduke sukulu ya ntchito zamanja ya ana amene anakulira kothawa. Boma linati lidzalipira aphunzitsi. Akhristu ena a kutsidya kwa nyanja analonjeza malata, simenti ndi zida. Ife a m'midzi anatipatsa njerwa, ndipo pangano linali lakuti mudzi uliwonse woumba njerwa udzakhala ndi malo a ana awiri osalipira chaka chilichonse.

Woyang'anira njerwa za mudzi uno ndinali ine. Uthenga unanena momveka kuti tikatenge muyeso kwa amisiri. Koma ine ndinali ndi chikombole changa cha mlombwa, chimene ndinachisenza pamutu pochokera ku Zambia, chimene chinamanga nyumba zambiri kumene tinathawirako. Ndinati njerwa ndi njerwa, sitingayende masiku awiri kukapempha kamtengo koyezera. Tinaumba, tinaotcha, lole inadzatenga. Patapita sabata kunabwera kalata yakuti njerwa zathu zatalika ndi zala ziwiri, sizikugwirizana ndi za anzathu, tiumbenso. Ine ndinapsa mtima. Ndinauza anthu kuti akumeneko akutinyoza chifukwa ndife obwerera, ndipo sitinaumbenso. Zinapita zaka zitatu ine osapondako.

M'chaka chachitatucho Lusiya, mwana wa malemu mlongo wanga, anadzandigwadira nati akufuna kukaphunzira zomangamanga. Ndinayesa kumukokera ku zosoka, koma iye anati nsalu anaisoka kokwanira ku Zambia, tsopano akufuna khoma. Bambo ake analipo, koma mwini mbumba ndine, ndipo ulendo unali wanga.

Tinanyamuka Lachitatu kum'mawa kutangoyamba kufiira. M'thumba munali chinangwa chophika, kalata yake ya sukulu ya ku Zambia, ndi chikombole chija nditachikulunga m'chitenje. Ndinachitenga kuti ndikachiike patebulo la akuluakulu a sukulu, aone okha kuti sichinali chikombole cha masewera. Njinga inali imodzi. Wopalasa anali Lusiya, ine pambuyo ngati thumba la chimanga, ndipo amayi amene tinawapeza pa mjigo wa pa Mualadzi anaseka mpaka ndowa kusefukira.

"Agogo, akupita nanu kuchipatala kodi?" anafunsa mmodzi.

"Iyayi, mayi," ndinayankha, "ndine ndikumuperekeza kusukulu."

"Ndiye kuperekeza kwake n'kumeneko!"

Dzuwa litakwera pang'ono tinafika pa msewu waukulu wochokera ku Cassacatiza. Njinga tinaisungitsa kwa mkatekisi wa pamenepo, mnzanga wa kumishoni. Tinadikira pansi pa mtengo wa msuku mpaka mthunzi unafupika, kenaka inatulukira lole yonyamula matumba a chimanga. Woyendetsa, munthu wamkulu thupi wa chipewa chong'ambika, anati makonto khumi ndi asanu munthu mmodzi, ndiye kuti zikwi khumi ndi zisanu za ndalama za nthawi imeneyo. Ataona mtolo wanga anafuna kuonjeza.

"M'nsalumo muli wailesi, madala?"

"Muli chikombole."

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Kumene mukupitako dothi likudikira inu? Kwerani, chimenecho chipite ulere."

Pamwamba pa matumba tinapezapo amayi ena ochita malonda a zitenje ndi shuga, akuchokera kumalire. Atamva kumene tinkapita anaomba m'manja, nati mwana wawo wamwamuna anaphunzira ukalipentala komweko, ndipo tsopano akukhoma zitseko ku Tete. Ndi iwo amene anatiuza za maphunziro ake: ukalipentala, zomangamanga, zosoka, ulimi ndi ziweto, komanso kukonza mijigo, kumene anati ndiko kuli ulemu masiku ano, chifukwa wokonza mjigo sagona ndi njala m'mudzi uliwonse. Anatinso wophunzira aliyense amapita ndi chimanga ndi nyemba zake, ndipo mabenchi amene ana amakhoma, ndi kabichi wa kudimba, sukulu imagulitsa kuti ipeze misomali ndi choko.

"Nanga mudzi wanu unaumba?" anafunsa.

"Unaumba," ndinatero, maso ali kutchire.

"Ndiye mulibe mlandu. Ife osaumba tinagulitsa mbuzi zitatu."

Lusiya anandiyang'ana. Kwathu mbuzi inalipo imodzi, ndiponso inali ndi bere.

Msewu masiku amenewo unali wa maenje, lole ikuyenda mokhotakhota ngati munthu wochokera kumowa. M'mbali munali mabwinja a magalimoto opsa, ena atamerera kale zitsamba m'kati, ndipo pa amodzi ndinaona nkhuku itaikira mazira pamene pankakhala woyendetsa. Malo ena anali ndi miyala yopakidwa utoto wofiira, chizindikiro chakuti mabomba okwirira anali asanachotsedwe, ndipo pamenepo ngakhale wofuna kutaya madzi ankapirira. Koma kuseri kwa miyalayo anthu anali atayamba kale kufolera nyumba, udzu wake woyera, watsopano.

Dzuwa lili paliwombo tinaima pa kamsika ka pamlatho. Ndinagula mikate iwiri ija timaitcha pau, ndi tiyi wa makonto awiri, wothira shuga wambiri ngati wogulitsayo ankafuna kutikopa kuti tisamuke. Lusiya anadya theka la mkate, lina nasunga. Pamenepo ndipo anandifunsa funso limene anali nalo chinyamukire.

"Atsibweni, akakati mudzi wathu mulibe m'buku, tidzatani?"

"Ndidzayankhula nawo," ndinatero. "Chipwitikizi ndinachiphunzira kwa ansembe iwe usanabadwe."

"Chipwitikizi si njerwa, atsibweni."

Ndinangomwa tiyi wanga.

Pa mphambano ya ku Chifunde tinatsika, n'kuyamba wapansi pa msewu wafumbi. Tinayenda ngati maora awiri, chikombole chikulemera pang'onopang'ono monga amachitira katundu wa munthu wolakwa. Dzuwa litapendeka tinaona malata akunyezimira pakati pa mitengo ya mango, ndipo tisanafike tinamva kale kulira kwa macheka ndi nyundo.

Woyang'anira sukulu anali mayi wa zaka zapakati, amene kumeneko ankamutcha a diretora. Anatilandira mwaulemu, natipatsa mipando. Ine ndinayamba ndi Chipwitikizi changa cha kumishoni, chimene chinali chitachita dzimbiri, ndipo iwo atapirira pang'ono anandipulumutsa poyankha m'Chinyanja. Anaona kalata ya Lusiya nati ilibe vuto. Anati ku zomangamanga kwatsala malo amodzi, ndipo kulembetsa kutsekedwa mawa lake masana. Kenaka anatsegula buku la midzi imene inaumba njerwa, natsitsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, nabwerezanso.

"Pepani, bambo. Mudzi wanu mulibemo."

Ndinaimirira n'kuyamba mawu amene ndinawakonza njira yonse: kuti tinaumba, kuti tinaotcha ndi nkhuni zathu, kuti obwerera nawonso ndi anthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Inenso ndine wobwerera, bambo, ndinali ku Malawi. Koma ndinabwera pano makoma ataima kale. Chimene ndinapeza ndi buku ili. Ndikakulemberani popanda umboni, mawa midzi khumi idzabwera ndi mawu okoma ngati anuwa."

Ananena zoona, ndipo choonadi chilibe pogwira ukafuna kulimbana nacho. Chikombole sindinachimasule n'komwe. Ndinatuluka n'kukakhala pa chitsa panja, ndikuganiza za mbuzi yathu ija ndi za mlongo wanga amene ndinamulonjeza ali pamphasa kuti ana ake sadzasowa woimirira.

Lusiya sanakhale pansi. Anayamba kuzungulira nyumba za sukulu, akusisita makoma ndi dzanja. Anadutsa makalasi, anadutsa khitchini, nazimiririka kuseri. Patapita kanthawi ndinamva akuitana.

"Atsibweni! Tabwerani mudzaone."

Ndinamupeza ataima pa khoma la nyumba yogwiriramo ntchito, imene amaitcha ofisina. Anandilozera njerwa imodzi, kenaka ina, kenaka ina. Iliyonse inali ndi kamzere kakang'ono chakumapeto. Muyenera kudziwa kuti thabwa limodzi la chikombole changa linang'aluka tili ku Zambia, ndipo ndinalikhoma ndi msomali umene mutu wake unatsalira m'kati. Njerwa iliyonse potuluka inkakandidwa ndi msomaliwo. Lusiya anaukumbukira chifukwa ndiye ankasenza njerwazo kupita nazo kouma, ndipo msomaliwo unamuchekapo chala.

Ndinamasula chitenje n'kugunditsa chikombole pakhoma. Njerwa inakwana, kungotsala kampata kamene dothi limafota likapsa, ndipo msomali unagwera ndendende pa kamzere.

"Ndinu eni ake a njerwa zimenezi?"

Wofunsayo anali bambo wamfupi wa imvi, simenti ili mbuu m'manja. Anali a mesitiri Zuze, mphunzitsi wa zomangamanga, amene analipo kuyambira pa maziko.

"Ndife," ndinayankha, chifuwa chitayamba kutukumuka.

"Ndakhala ndikukufunani zaka zitatu, achimwene. Osati kuti ndikuthokozeni."

Anandigwira pamkono n'kupita nane pangodya. Anandionetsa kuti mafelemu a zitseko ndi mazenera anabwera okhomakhoma, opangidwira muyeso umodzi, kotero njerwa yotalika ndi zala ziwiri inkasokoneza mzere wonse. N'chifukwa chake anazikana. Zinakhala mulu chaka chathunthu, anati, mpaka ndalama za akhristu aja zinatha ofisina isanamangidwe. Pamenepo analibe kuchitira mwina koma kutenga zathuzo, ndipo pangodya iliyonse ndi pazenera lililonse ankadula njerwa imodziimodzi ndi chikwanje.

"Milungu itatu, achimwene, ndikusema njerwa ngati ndikusema mtondo. Kunena zoona, n'zolimba, zinapsa bwino. Koma mukanangotuma mwana kudzatenga kamtengo!"

Ophunzira ake anali atasonkhana, ndipo mmodzi anati, "A mesitiri, ndiye awa ndi aja a khoma la safunsa?" Onse anaseka. Ndinamva kuti wophunzira aliyense watsopano amamuimika pa khoma limenelo tsiku loyamba, n'kumuuza kuti taona zimene amachita munthu wosafunsa muyeso. Kwa zaka ziwiri ndinali mphunzitsi pa sukulu imeneyo osadziwa.

Ine amene ndinabwera kudzaweruza ena ndinavula chipewa pamaso pa ana. Ndinati, "A mesitiri, wolakwa ndine, si mudzi, ndiponso si mwanayu. Uthenga unafika, ine ndinaukana. Ngati pali chilango chigwere ine."

A Zuze anatembenukira kwa Lusiya. "Iwe, kamzereka wakaona bwanji? Anthu amadutsa pano tsiku ndi tsiku."

"Ndimafuna ndione mmene anamangira ngodya," anatero iye, "ndiye ndinaona kuti njerwa zake n'zodula."

Sanamufunsenso china. Anapita okha kukaitana a diretora, amene anabwera ndi buku lija m'khwapa. Anagunditsa okha chikombole pa njerwa zitatu zosiyana, namvetsera umboni wa a mesitiri, ndipo ali chiimire pomwepo analemba dzina la mudzi uno pansi pa maina ena, kenaka dzina la Lusiya pa malo otsala aja. Anati malo a zaka zapitazo anapita, sangabwezedwe. Pamenepo ndinawerenga mumtima ana anayi a mudzi uno amene akanakhala amisiri lero, ndipo ena mwa iwo ndi makolo anu.

Pamene ndinkakulunganso chikombole, a Zuze anagwira mbali ina. "Ichi chitsale. Ndichipachika pakhoma pomwepa, ana aziona ndi maso." Ndinachisenza kuchokera ku Zambia, ndipo ndinkaganiza kuti ndidzasiyira adzukulu. Ndinachisiya.

Tinagona kwa akhristu a pafupi. M'mawa mwake Lusiya anandiperekeza mpaka pa mitengo ya mango, nandipatsa theka la mkate lija kuti ndidye m'njira. Chimanga ndi nyemba zake ndinalonjeza kutumiza pa lole. Ulendo wobwerera unali wopepuka kumutu, koma wolemera kumiyendo, pakuti njinga ndinapalasa ndekha, ndipo pa zitunda zonse za ku Mualadzi ndinkaikankha. Amayi a pa mjigo aja anandifunsa kuti wondipalasa ndamusiya kuti. Ndinati ndamusiya akuphunzira kuyeza.

Lusiyayo ndi amene mumawatcha a mesitiri lero, amene adzakumangireni nyumba ya amayiyo. Tsono mawa m'mawa, musanakumbe dothi ngakhale khasu limodzi, tumani awiri mwa inu apite kwawo akatenge muyeso. Mukaubweretsa, yezani zikombole zonse ziwiri anthu akuona, ndipo chimene sichikwana muchiike pambali, ngakhale mwini wake ali ndi imvi ngati zangazi.