Dzino Lobenthuka la Mkazi Mnzanga

Wallahi, izi sindikupeka, zinandichitikira ine ndemwe kuno kunyanja, ndipo maina sinditchula poti ana a malemuwo ndikulera ndine.

Ndinali mkazi wamkulu. Titakhala zaka zambiri, bambo akunyumba anakatenga mtsikana wa ku Namwera n'kumumangira nyumba kuseri kwa yanga, ati chipembedzo chimalola. Chabwino, chimalola, nanga mtima wangawu anaufunsa? Mkazi mnzangayo sanali wokongola kwenikweni, miyendo ngati ya kakowa, koma mano, abale! Oyera mbee, kampata pakati, moti akaseka bambowo ankaiwala ukonde umene akusoka. Ine tikamayanika usipa maso ankangokhala pakamwa pake, kufunafuna dzino limodzi lokha lobowoka, osalipeza.

Tsiku lina bambo anakagona kwa mkazi mnzangayo pa tsiku langa. Bambowo atalawira kunyanja, iyeyo ndinamugenda ndi mbale yachitsulo, dzino lam'mwamba kumanzere, lachinayi kuchokera pampata, n'kubenthuka chopendekera. Ndinangoti basi, ukwati wanga watha. Koma iye sanauze munthu, anangophunzira kuseka mosatsegula kwambiri mbali imeneyo, ndipo zimenezonso zinandiwawa: kodi akufuna aoneke wabwino mtima kuposa ine?

Patapita zaka zitatu, boti limene mkazi mnzangayo anakwera pochokera ku ukwati kutsidya linagubuduzika ndi mphepo ya mwera. Anthu ambiri anathera pomwepo. Ena anapezeka tsiku lomwelo, koma akazi awiri anasowa, iyeyo ndi mayi wina wachikhristu wa ku Chembe. Tsiku lachisanu chichitikire ngoziyo asodzi anapeza mtembo umodzi m'mabango, wotupa, wopanda zovala, nkhope yosazindikirika. Tinaitanidwa kuchipatala, mabanja onse awiri, aliyense akuti ndi wake. A ku Chembe anali atakonza kale bokosi, ife titagula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro.

Anabwera dokotala wa mano, nanena kuti madzi amawononga nkhope koma mano amakhala, ndiye poti akazi onsewo analibe mapepala akuchipatala cha mano, tifotokoze ife zimene tikudziwa, mtembo uli chivundikirire. Bambo anati anali ndi kampata. A ku Chembe anati wawonso anali nako. Dokotala anati pali chizindikiro china chimene sangatiuze, wochidziwa anene yekha. Bambo, amene ankafera mano amenewo, anangolira ngati mwana, osadziwa kanthu. Ine adzandilira choncho?

Ndikuululireni zoona: ndinakhala chete. Mumtima ndinati amutenge a ku Chembe, akamuike kutali m'bokosi, bambowa asowe manda okaimapo. Ndikuganiza choncho, dzino langa lomwelo, lachinayi kumanzere, linayamba kuwawa ngati munthu akulikhoma ndi msomali, pamene sindinadwalepo dzino chibadwire. Ndinamva ngati nsalu yovundikira mtembo ija ikundiyang'ana ine ndekha.

Ndinalankhula, n'kutchula dzino lobenthuka lija. Dokotala anafunsa kuti labenthuka motani, ndinamusonyeza ndi chikhadabo. Anafunsanso kuti ndadziwa bwanji chinthu chimene mwamuna wake sakuchidziwa, ndipo ndinanena za mbale ija pamaso pa bambo, pa mayi ake a malemu ndi pa shehe. Atavundukula pakamwa pokha, milomo panalibe, mano onse ali poyera, akuseka kuseka kuja ankabisa, lobenthukalo litaloza kwa ine. Ululu unatha nthawi yomweyo. A ku Chembe anabwerera kukafunafuna wawo.

Ndinamusambitsa nawo ndine, n'kuikidwa tsiku lomwelo mwachisilamu. Bambo sanandisiye, sanandikalipirenso, anangoti ndinkamudziwa kuposa iwo. Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti amadzera kumanda kwake, ndipo ndisakunamizeni, zimandiwawabe.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti wakufa amadziwa amene akumubisira chilungamo, ndipo samusiya. Akazi anzanga a pamitala, chenjerani ndi chimene mukuyang'anitsitsa mwa mnzanu, mudzachisenza moyo wonse. Komanso dziwani m'kamwa mwa abale anu akadali moyo, musadzadalire mdani ngati mmene zinachitikira kwathu. Mwana wake wamkazi wakula tsopano, kampata komweko, mano oyera omwewo. Ndimamuphikira ndine, amanditcha amayi, ndipo akaseka ine ndimayang'ana pansi.