Wonga wa M'mabotolo Awiri

Kunyumba kwathu ku Croydon wowombera mfuti ndi mkazi wanga. Ine manja amanjenjemera, chandamale ndimachiphonya ngakhale chitakula ngati chitseko. Ku kalabu ya owombera mfuti tinalowa limodzi, ziphaso tinatenga tonse, koma ntchito zinagawika zokha: iye kupikisana ndi mfuti yake ya m'manja ya mpope wautali, poti zazifupi zija kuno n'zoletsedwa, ine kumukonzera zipolopolo m'shedi kuseri kwa nyumba. Makoko amkuwa amene wawombera ndimawatsuka, kuthiramo wonga woyeza pasikelo, n'kuvundikira ndi mutu watsopano. Ntchitoyi siifuna chibwana. Wonga ndinali nawo wa mitundu iwiri m'mabotolo awiri akuda, ndipo mkulu wa ku kalabu amene anandiphunzitsa anandichenjeza tsiku loyamba kuti ukasakaniza mitundu, mfuti ikhoza kuphulikira m'dzanja la mwini wake.

Chaka chimenecho apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, anabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza. Munthu wosatha kukhala manja lende! Chilichonse chotsala ankaphatikiza: zibenthu za sopo kuziumba pamodzi, shuga wa m'mapaketi awiri kuthira m'chitini chimodzi. Ine ndi iwo tinkasungirana ulemu wa kwathu. Ndikalowa pabalaza iwo ankasunthira kukhitchini, ndipo nkhani zathu zonse zinkadzera mwa mwana wawo.

Loweruka la mpikisano mkazi wanga analawirira ndi zipolopolo zomwe ndinamukonzera Lachitatu. Ine ndikulowa kukhitchini kukafuna tiyi, ndinangoona botolo langa la wonga lili chadodolido pafupi ndi sinki, lotsukidwa bwinobwino. Mtima unangoti phwii. Kiyi wa shedi ankakhala pamsomali kukhitchini komweko, chifukwa tsache timasunganso kumeneko.

Wondiyankhulira panalibe. Ndinanjuta pakhomo la pabalaza, maso kumbali, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, pepani, ndifunseko za botolo lili kukhitchinili."

"Ee, bambo, mbewu yanu ya mpiru ija?" anatero akusoka, osandiyang'ana. "Inali yochepa m'mabotolo onse awiri, ndiye ndinaphatikiza. Lopanda kanthulo ndinalibwezera pomwepo, lero ndi pamene ndalitenga kuti tiziikamo mchere."

"Munaphatikiza liti, Amayi?"

"Kaya Lachiwiri, kaya Lachinayi. Masiku a kuno amangofanana."

Mayo ine! Ngati linali Lachinayi, palibe kanthu. Ngati linali Lachiwiri, mkazi wanga wanyamula zipolopolo zoti zimudule zala. Ndinayesa kukumbukira ngati botolo linkalemera Lachitatu lija, koma mutu unali utaima. Ndinkafuna kukuwa, koma apongozi sakuwiridwa. Ndinangoti, "Zikomo, Amayi," n'kubwerera chafutambuyo, kenako liwiro.

Foni ya mkazi wanga sinkalowa, poti malo owomberawo ali pansi pa nyumba, netiweki kulibe. Ya ku kalabu inkangoitana. Ndani angaimve anthu onse atatseka makutu? Ndinakwera takisi ndili ndi masilipasi. Loweruka ku Croydon magalimoto amayenda ngati akuperekeza maliro, ndipo tsiku limenelo maloboti onse anapangana zondiimitsa. Dalaivala ankandifotokozera za mpira, ine ndikungoona dzanja lamanja la mkazi wanga, lomwe amagwirira jakisoni kuchipatala kumene amagwira ntchito. Ndinapemphera mapemphero opanda mutu, ndinatukwana basi yomwe inatitsekereza, ndinapempheranso.

Potsika masitepe a kalabu ndinkamva kulira kwa mfuti. Gulu loyamba linali litamaliza, lachiwiri litaima pamzere. Nditasuzumira pagalasi la chitseko ndinamuona mkazi wanga pamzerepo, wavala zotsekera m'makutu, mfuti ili m'manja, akuyamba kukweza mkono. Ku kalabu lamulo lilipo lakuti aliyense woona choopsa akhoza kuimitsa zonse. Sindinaganizepo kuti ndidzaligwiritsa ntchito ine. Ndinakankha chitseko n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Stop! Stop!"

Woyang'anira mzere anabwereza mawuwo, onse n'kutsitsa mfuti. Maso onse pa ine, munthu wa masilipasi, wefuwefu.

"Mwapenga kodi?" anatero mkazi wanga atavula zam'makutu. Mpikisano umenewu anali ataukonzekera chilimwe chonse.

"Chotsa zipolopolozo. Wonga wasakanikirana."

Sanafunsenso. Anazichotsa n'kuziika m'bokosi. Mkulu wondiphunzitsa uja anandisisita paphewa n'kunena kuti ndachita bwino. Sindinamve kukoma, chifukwa mwina ndinali nditangomuwonongera mkazi wanga tsiku lake popanda chifukwa. Tinakwera sitima ya m'tauni kubwerera kunyumba.

Titafika, iye anawafotokozera amayi ake kuti ija sinali mbewu. Apongozi anatitsatira ku shedi n'kuima pakhomo, koyamba kukhala pafupi nane chotero. Ndinazula mutu wa chipolopolo chimodzi n'kukhuthulira wonga wake m'kambale koyera. Mtundu womwe ndimagwiritsa ntchito ndi wa timapale tophwatalala. Pakati pake panali timitengo tating'onoting'ono ta mtundu winawo. Ndinazula china, chimodzimodzi. Ndiye kuti anaphatikiza Lachiwiri.

Ndinakhala pa ndowa. Apongozi anayang'ana kambaleko nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pomwepo pakhomo, pasimenti pozizira, n'kukoka dzanja lamanja la mwana wawo. Analitembenuza uku ndi uku, kugwira chala chilichonse pachokha, misozi ikugwera pachitenje.

"Mwana ndinabereka ndekha," anatero, "ndikanamupundula ndekha chifukwa cha botolo la mchere."

Mkazi wanga anagwada n'kuwauza kuti asalire, palibe chachitika. Iwo sanamumvere. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirire ine mwana wawo.

"Bambo, tsiku lina mukadzaona zotere musadzanjutenso pakhomo. Mudzandikuwire."