Waya Wosafika Pansi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene Tadala, mwana wathu yekhayo, anasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Amuna anga, a Mbewe, ndi kalipentala pa Kamwendo. Ankakhoma zitseko, mabedi ndi mabokosi a maliro, ndipo chimene chinawatchukitsa ndi zilembo ndi maluwa amene ankasema pathabwa ndi tchizulo. Koma chitseko sichigulidwa tsiku lililonse. Msuweni wanga amene anali kale ku Joni anandiimbira kuti kuli mzungu wina wokalamba akufuna womugwirira ntchito za m'nyumba. A Mbewe sanakane, komanso sanavomere. Anangondinyamulira chikwama mpaka pasiteji, n'kuima chiimire mpaka minibasi ya ku Lilongwe itanyamuka.

Bwana wanga anali wamasiye, ndipo ana ake anali kutsidya kwa nyanja. Ine ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. M'galajamo munali makina amene mkuluyo ankawakonda kuposa chakudya. Anali ngati tebulo lachitsulo, lokhala ndi timamota titatu toyendetsa mpeni uku ndi uku. Ukajambula chinthu pakompyuta, makinawo ankachisema pathabwa kapena pachitsulo chofewa monga wajambuliramo. Sankagulitsa kanthu, anali masewera ake chabe. Koma manja ake ankanjenjemera, ndiye tsiku lina ndikusesa anandipempha kuti ndimugwirire kawaya. Mawa lake ndinamumangira timaskulu. Pomatha chaka n'kuti ndikuwotcherera mawaya ndekha, ndikudziwanso kuwerenga mita yoyezera magetsi.

Kunena zoona, makinawo ndiwo anandisunga mutu. Kunja ndinkaopa kutuluka, makamaka mapepala anga ondilola kukhala m'dzikomo atatha. Tsiku lina anyamata awiri anandiloza mpeni pamalo okwerera mataxi n'kundilanda foni, koma kumudzi ndinangonena kuti yagwera m'madzi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha. Lamulungu masana ndinkaimba, a Mbewe n'kundiuza za mvula, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Ndikadula foni, kachipinda kaja kankakhala zii, moti ndinkakalowa m'galaja kukapukuta zitsulo zopukuta kale.

Chaka chomaliza tinawawonjezera mphamvu makinawo. Tinachotsa mota yaing'ono yozungulitsa mpeni n'kuika yaikulu, yoyendera kabokosi kakekake kosinthira liwiro. Tinaikanso timaswitchi m'mphepete kuti mpeni usapyole malire. Tikulumikiza kabokosiko, bwana anandigwira pamkono n'kundiuza m'Chingerezi chake chapang'onopang'ono kuti makina amenewa akadzayamba misala ndisadzayambe ndi kompyuta, ndidzayambe ndi waya wa eti, uja wobiriwira wopita m'nthaka. Patangopita miyezi yochepa anagwa m'bafa. Ana ake anabwera kudzamutengera kunyumba yosungira okalamba, ndipo iye anawauza kuti makina ndi anga, ine Esinati. Ndinawamasula chidutswachidutswa, n'kuwakweza palole ya anthu a kwathu. Umu ndi mmene ndinabwererera, patatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinapeza shopu ili pomwe paja, moyang'anana ndi poima akabaza, koma a Mbewe anali atasintha. Sankalankhula zambiri. Zitseko zimene zinatsamira kukhoma zinali zosalala, zopanda duwa ngakhale limodzi. Nditafunsa anati masiku ano anthu safuna zimenezo. Ndikumanga makina pakona ankangoyang'anira patali, osandithandiza ngakhale kunyamula. Mumtima ndinati ndi nsanje, mwamuna sakufuna kuti mkazi abwere ndi chinthu chosema kuposa iye. Ndinawakwiyira mwakachetechete, ndipo nawonso anandisiya choncho.

Patatha mwezi kunabwera a Zimba, mkulu wa mpingo wina wa cha ku Mlonyeni, atamangirira matabwa awiri a mlombwa panjinga. Ankafuna mawu a m'Baibulo asemedwe kutsogolo kwa guwa latsopano. Mtengowo unali wa m'munda mwa malemu amene anayambitsa mpingowo, ndipo matabwa otakata bwino anangotuluka awiri okhawo. Mwambo wopatulira guwa unali Lamulungu la sabata lomwelo. A Mbewe anawalandira n'kunena kuti amayiwa ndi amene aseme.

Lachinayi m'mawa ndinamanga thabwa loyamba. Akabaza anadzaza pakhomo kudzaona makina olemba okha, a Zimba atakhala pabenchi chipewa chili pabondo. Mzere woyamba unatuluka bwino kwambiri. Tili pakati pa wachiwiri, makina anachita ngati apunthwa, kenako mpeni unathamanga chopingasa n'kung'amba zilembo zinayi. Ndinadina batani loimitsa, koma zinali zitachitika kale. Wina pakhomo anaseka. A Zimba anaimirira, anasisita pamene panang'ambikapo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, latsala limodzi." Anavala chipewa n'kumapita.

Ndinatseka chitseko chimodzi n'kuyamba kufufuza. Ndinalimbitsa timaskulu tonse. Ndinayendetsa makina m'malere, mota yaikulu ili yozima, ndipo anayenda osaphonya. Nditangoyatsa mota yaikulu, anayamba kudumpha, kenako anaima okha ngati agunda malire pamene panalibe chilichonse. Ndikuwerama kuti ndione mawaya, chigongono changa chinakhudza chitsulo cha tebulo, ndipo ndinamva ngati ndalumidwa ndi linthumbu.  Ndinatenga mita, mbali imodzi pachitsulo, ina pampopi wa madzi wa panja, ndipo inaonetsa kuti tebulo lonselo lili ndi moto.

Ndinawauza a Mbewe kuti asakhudze, ndipo ndinafunsa amene analumikiza magetsi m'shopumo. Anati ndi iwo, ndipo zaka zonsezi akhala akuyaka. Ndinati soketi ilibe eti. Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira, akabaza akumva. Nkhope yawo inachita mdima.

"Mwabwera ndi chitsulo chanu chowonongeka, ndiye mukufuna kunamizira nyumba yanga?" anatero.

Anabwera molunjika pamakina, atatambasula dzanja lamanja kuti andionetse kuti palibe kanthu. Anali atavala patapata, pansi pali ponyowa ndi madzi amene ndinawaza chifukwa cha fumbi. Pulagi inali kutsidya kwa tebulo, sindikanaifikira. Ndinangoti, "Abambo a Tadala, chonde." Dzanjalo linafika pafupi kwambiri ndi chitsulo n'kuima.  Anayesanso, koma linakana. Ndinazungulira n'kuzula pulagi, ndipo iwo anakhala pansi pamulu wa matabwa, thukuta likutsika.

Ndinatseka chitseko chinacho. Nditathimitsa switchi yaikulu ndinamasula soketi, ndipo waya wobiriwira uja ndinaupeza utapindidwa kuseri, sunkapita kulikonse. Ndinawaonetsa a Mbewe. Iwo anangotambasula chikhatho cha dzanja lamanja lija. Pakati pake panali chipsera choyera, ndipo zala zitatu zinali zopindika pang'ono. Anandiuza kuti ndizifinye. Ndinafinya mwamphamvu, iwo n'kupukusa mutu kuti sakumva.

Anati zinachitika zaka zitatu m'mbuyomo, nthawi yamvula. Makina opalira matabwa anawagwira ndi magetsi n'kuwakanirira, mpaka mnzawo wowotcherera zitsulo wa pafupi anathamanga kudzathimitsa. Anagona m'chipatala masabata awiri. Atatuluka anagulitsa makinawo poganiza kuti vuto linali m'menemo, osadziwa kuti latsala m'khoma. Kukhoma ndi kucheka anaphunzira ndi dzanja lamanzere, koma tchizulo chinawakana. Masabata awiri amenewo ndimawakumbukira bwino. Tadala, poti anali patchuthi, ndi amene ankayankha foni, n'kumati adadi apita kukagula matabwa ku Chipata.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinali nditakhala nawo mwezi wathunthu, kudya nawo, kugona nawo, koma sindinaone. Maso anga onse anali pamakina.

Panalibe nthawi yolira. Lachisanu ndinalawirira ku boma kukagula ndodo ya kopa yolumikizira eti m'nthaka ndi waya wochindikala, n'kubwera ndi munthu wodziwa za magetsi kuti aone khoma lonse. Anapezanso soketi ina yolumikizidwa mopingasa n'kuikonza. Ndodoyo tinaikhomera kuseri kwa shopu, a Mbewe ataigwira ndi lamanzere, ine ndikumenya ndi hamala. Kenako ndinasiyanitsa mawaya, a mota yaikulu mbali yawo, a timaswitchi ndi timamota mbali yawo, kuti asamasokonezane. Mita itaonetsa kuti tebulo lilibenso moto, ndinaika chikhatho changa pachitsulo kwa nthawi ndithu, iwo akuona. Ndinasema zidutswa zitatu za paini ndipo zonse zinatuluka bwino, komabe mtima sunakhale pansi.

Loweruka ndinamanga thabwa lotsala lija. Sindinalole munthu pakhomo. Mantha anga anali awiri, kuti makina adumphanso kapena magetsi azima tili pakati. A Mbewe anakhala pambali panga ndi burashi, akuchotsa utuchi. Tisanayambe anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti zilembo zathithikana, munthu wokhala kumbuyo kwa tchalitchi sadzawerenga. Ananena zoona, ndipo ndinazitalikitsa monga anandiuzira. Mpeni utafika pamene unang'amba tsiku lija, ndinaika chala pabatani loimitsa. Unadutsa. Makina anasema maola atatu, mpaka mota inazima yokha, mpeni n'kukwera m'mwamba.

A Zimba anabwera dzuwa litapendeka. Anayendetsa chala m'zilembo zonse, chimodzichimodzi. Ndinayamba kupepesa za thabwa loyamba lija, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake sanapite nalo kwina lotsalalo, poti akalipentala ndi ambiri.

"Akuluakulu tinagwirizana kuti guwa limeneli lichokere kwa a Mbewe," anatero. "Dzanja lawo tikulidziwa. Takhala tikudikira kuti m'nyumba muno mudzapezekenso wosema."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti aliyense ankadziwa. Akabaza ankadziwa, amayi anga ankadziwa, ngakhale amayi ogulitsa tomato amene ankandipatsa moni tsiku lililonse chibwerereni. Tadala nditamuimbira anandiuza kuti bambo ake anamuletsa kunena, ati ndikamva ndisiya ntchito n'kubwerera, iye n'kusiya sukulu. Kwa zaka zitatu anthu a pa Kamwendo ankabwera kudzagula zitseko zosalala kwa munthu amene ankadziwika ndi maluwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti maluwa aja ali kuti. Ine ndinkaganiza kuti banja langa ndalinyamula ndekha kuchokera ku Joni, osadziwa kuti mbali ina linagwiriridwa ndi anthu amene sindinawatumizirepo ngakhale moni.

A Zimba atanyamuka, tinayamba kusesa utuchi. Ndinaimika tsache n'kuwauza a Mbewe kuti akhale pansi, inenso ndili ndi zoti ndiwauze, kuyambira ndi foni ija imene sinagwere m'madzi.