Mkaka umene unagona pa chilumba

Mwana wanga woyamba anali ndi miyezi isanu ndi iwiri pamene ndinakagona pa chilumba. Anzanga a ku tchalitchi akamva zimenezi amati ndinadyerera, poti ambiri a ife madzi ochuluka timangowaona mvula ikasefukira m'misewu ya mu Kabwata. Ine ndimangomwetulira.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni malo. Amuna anga amayendetsa galimoto pa ofesi ina ku Woodlands. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Luapula nditangochira, kudzandithandiza mwezi umodzi, ndipo sanabwererenso. Ine ndine wa ku Katete, iwo Chinyanja chawo ndi cha m'tauni, chothira Chibemba, koma tinkamvana. Sanali munthu woipa. Matewera ankachapa okha ine ndili m'tulo. Kungoti akanena chinthu, chanenedwa.

Lachinayi lina amuna anga anafika mano ali pamtunda. Abwana awo, mayi wa ku Kabulonga, anali atakonza zokapuma pa kachilumba kena ku Kariba, nyanja imene imatipatsa magetsi, ndiye kwawo kunagwa maliro. Malo anali okonzedwa kale. Anawauza kuti atenge galimoto, apite ndi ine.

"Mwana pa boti, awe," anatero apongozi. "Ine nakulila ku manzi. Manzi alibe m'bale."

"Tizamusiya na imwe, bamayo," anatero amuna anga.

Apongozi anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana wanga, umvele bwino. Bele ikagona kunja, mkaka uola. Mwana akayamwa atsegula m'mimba, liwombo igwa. Ngati wagona kwamene uko, ukabwela mwana sazayamwa futi. Nizamulesa neka."

Mawu amenewa sanali achilendo kwa ine, kwathunso amanena. Ku kiliniki anesi anatiuza kuti mkaka suwola m'bere, monga magazi sawola m'thupi, komanso kuti tiziyamwitsa mpaka zaka ziwiri. Koma anesi sagona m'nyumba mwathu. Ndipo mwana wanga phala anali atangoliyamba kumene, masupuni awiri, lachitatu alavula. Ndinali nditaonanso mwana wa mnzanga wa pa mpopi amene anamuletsa bere msanga, mmene tsitsi linafiirira, timiyendo ngati timitengo.

"Kuseni tapita, mazulo tabwela," anatero amuna anga. "Sikutali."

Ndinawakhulupirira kuti tibwera tsiku lomwelo. Lachisanu ndinafinya mkaka makapu atatu, n'kuvindikira bwinobwino, n'kuika mu filiji. Unali wa tsiku limodzi.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, mwana nditamuyamwitsa mpaka anagona ndi bere m'kamwa. Unali mwezi wa Okutobala. Podutsa Kafue dzuwa linali litayamba kale kuluma, ndipo m'mapiri a ku Siavonga ndinatseka maso m'makona monse. Pa gombe tinapeza bambo wa boti, wamfupi, wa chipewa chong'ambika. Anativeka majekete oyandamitsa munthu. Ndinagwira thabwa ndi manja onse mpaka tinafika.

Malowo anali okongola, ndisaname. Mchenga woyera ngati ufa, miyala ikuluikulu, tinyumba titatu ta udzu, ndi mitengo youma itaima m'madzi. Kunalibe hutala, kunalibe kondakitala wokuwa, kunalibe wailesi ya aneba. Makutu anga anachita kulira chifukwa cha zii. Bambo wa boti anatilozera mzere wakuda pamwamba pa mwala. "Manzi yenze kufika paja. Ndiye chifukwa malaiti kwanu avuta."

Kenako anatsitsa chikwama. Ndinadabwa, chifukwa ine ndinangolongedza chitenje ndi thaulo, koma chikwama chinali chotupa. Bamboyo anakankha boti lake, n'kuliza injini, n'kukweza dzanja.

"Mailo teni koloko!"

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali kuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Bashi mwana, akuti mawa?"

Pamene mutu wanga umamaliza kumva, boti linali litafika kale pa mitengo youma ija. Ndinathamangira m'madzi mpaka m'mawondo, ndikukupiza chitenje. Mawu a mzimayi anandikuwira kumbuyo: "Chokaniko uko, amai! Kuli ng'wena!" Anali mayi wachikulire wachitonga, wophika pa malowo. Pa chilumba chonse tinalipo anthu atatu basi.

Nditamva za ng'ona, ndinatuluka m'madzi pang'onopang'ono. Ine sindine munthu wokuwa. Ndinaima patsogolo pa amuna anga diresi ikudontha.

"Nenze kuziba kuti uzakana," anatero. "Miyezi seveni sunagonepo tulo. Nenze kufuna chabe upumuleko. Usiku umodzi chabe."

"Nanga zija ananena amayi anu?"

"Ah, vija ni vakudala. Nizakamba nabo."

"Inu? Chikwatiranireni, munakambapo nawo liti? Tsiku lija anataya sefa yanga munathawira kukatsuka galimoto yotsuka kale."

Anafuna kuseka, koma ataona nkhope yanga anameza.

Mayi wophika anati boti lina kulibe, koma foni imagwira pamwamba pa mwala waukulu. Tinakwera, mwalawo ukuotcha mapazi. Amuna anga anaimbira bambo wa boti. Anali atatenga kale anthu ena kupita tsidya lina, ndipo anati masana mphepo imadzuka, iye sawoloka. Anapempha, ananyengerera, anamutchula mpaka ba bosi. Sizinathandize.

"Tsopano imbirani amayi," ndinatero.

Anaimba. Itangoyankhidwa, anandipatsira ine foni ngati yawaotcha.

Ndisanamve mawu a apongozi ndinamva mwana. Kulira kwa mwana wako umakudziwa: kwa tulo, kwa thewera, kwa njala. Uku kunali kwa njala. Nthawi yomweyo mabere anachita kunyerenyetsa, diresi n'kunyowa.

"Muli kuti?"

"Bamayo, boti latisiya. Libwera mawa."

Apongozi anati malaiti anapita titangonyamuka, filiji yatentha, kapu imodzi mwana wamwa koma ziwiri zasasa. "Waona? Na wa mu kapu waola. Nanga uja wa mu bele?"

"Mumuphikire kaphala kamadzimadzi, bamayo, ndi madzi owiritsa muzimupatsa ndi supuni."

"Usanipunzise kulela. Nalela seveni." Anapumira m'mwamba. "Ninakamba. Ukabwela uzapeza mpilipili natwa kale."

Foni inaduka. Tsabola ameneyo ndinkadziwa ntchito yake. Amapaka ku nsonga ya bere kuti mwana akalawa asadzalifunenso.

Masana mayi wophika anatiikira nsomba yokazinga ndi mpunga pansi pa mtengo, patebulo la nsalu yoyera. Amuna anga anangotosatosa. Ine ndinakankha mbale. Mayiyo anayang'ana pa chifuwa panga, n'kuibweza mbale ija pamaso panga.

"Idyani. Mukapanda kudya uzauma weka, apongozi banu sibazavutika na mpilipili."

Ndinadya yonse, ndi mutu womwe. Ndikudya ndinali kuganiza. Kukangana ndi apongozi sindikanatha, ndipo kuwauza za anesi kukanangowonjezera moto. Iwo ankaopa mkaka wogona. Chabwino. Nanga ukapanda kugona?

Pofika nthawiyo mabere anali gwa ngati miyala ya pa chilumbapo, kupweteka mpaka m'khwapa. Ndinapempha madzi ofunda, kansalu ndi kapu yachitsulo. Ndinakhala kuseri kwa mwala, n'kuthowa, n'kuyamba kufinya monga anatiphunzitsira ku kiliniki. Poyamba unkakana, ndinaluma mlomo. Kenako unayamba kuchita tsiii m'kapu. Itadzaza ndinaitana amuna anga.

"Kathireni m'nyanja. Osati pa mchenga, nyerere zinganyambite." Kwathu amati nyerere zikalawa mkaka wako bere limauma. Sindidziwa ngati n'zoona, koma tsiku limenelo sindinafune kuyesa chilichonse.

Ananyamula kapu ndi manja awiri, n'kukathira. Ine ndinatola kamwala koyera, n'kukamanga pa ngodya ya chitenje.

"Ni ka chani?"

"Nthawi iliyonse imene mwana akanayamwa, ine ndifinya, inu mukataya, kamwala kalowa apa. Ntchito yanu pa chilumba pano ndi imeneyi."

Mmenemo ndi mmene tinapumulira. Anthu amapita kumeneko kukajambulitsa atagwirana manja. Ife tinali mkazi kuseri kwa mwala ndi mwamuna woyenda ndi kapu. Dzuwa likulowa nyanja inafiira yonse, amuna anga n'kunena motsitsa kuti, "Onako chabe mwamene yaonekela." Ndinayang'ana. Ndinangoona kutalika kwa madzi amene anali pakati pa ine ndi mwana wanga. Bedi la m'kanyumbako linali lofewa kuposa lililonse limene ndinagonapo, koma ndinadzuka katatu, ndipo katatu konse ndinawadzutsa.

Kutacha kunali mphepo. Mafunde ankamenya miyala, udzu wa padenga ukuuluka. Pofika naini koloko ndinali nditakhala kale pa mchenga, chikwama pamiyendo. Teni inakwana. Panyanja panalibe kanthu. Amuna anga anakwera pa mwala, foni ya bambo uja sinkagwira. Anaimbira apongozi, sanayankhe. Anaimbanso, sanayankhe. Leveni inadutsa.

"Mphepo ya so nthawi zina ichita masiku yabili," anatero mayi wophika. Ataona mmene ndinamuyang'anira, anabwerera ku khitchini.

Usiku umodzi ndikanatha kuupempherera. Awiri, ngakhale ine ndikanasowa ponena. Ndipo mwana akanadya chiyani? Amuna anga anabwera kudzakhala pambali panga. Sanandikhudze. Anangoti, "Nalakwa." Ndinawapatsa kapu.

Dzuwa lili pamutu tinaona kadontho kakuda kakutuluka ndi kubisala m'mafunde. Ulendo wobwerera sindiufotokoza bwino, chifukwa ndinauyenda nditaweramira pansi, madzi akutimenya kumsana, dzanja limodzi pa thabwa, lina pa mfundo ya chitenje. Pa Kafue ndinaimitsa galimoto, n'kufinya komaliza, amuna anga n'kukathira mu ngalande.

Tinalowa mu Kabwata dzuwa litapendeka. Apongozi anali pa mpando pakhomo, mwana ali kumsana. Pa zenera panali kasosala ka tsabola wosinja, wofiira. Azimayi awiri a pa mpanda anali kuyanika zovala zimene zinali zouma kale.

Mwana atamva mawu anga anayamba kulira, koma mawu anali atasasa, ankangotulutsa kamphepo. Manja anga anafuna kuthamanga okha. Ndinawagwira. Ndinagwada pa simenti, n'kuwomba m'manja.

"Mwatandala bwanji, bamayo."

"Tachoma. Mwadya bwino ma holide?"

"Bamayo, munanena zoona. Mkaka wogona suyenera mwana. N'chifukwa chake sindinabwere nawo."

Ndinamasula mfundo ija, n'kuyala timiyala pa simenti. Tinali khumi ndi kamodzi. Ndinafotokoza kuti kamwala kalikonse ndi kapu imene inatayidwa, kuyambira dzulo masana mpaka pa Kafue. "Wa dzulo uli m'nyanja. Wa usiku uli m'nyanja. Umene uli munowu wabwera tili pa msewu, sunaone n'komwe mdima."

Apongozi anayang'ana timiyala. "Myala ili ponseponse. Nindani anaona?"

Kumbuyo kwanga ndinamva makiyi a galimoto akulira m'dzanja, ndipo mumtima ndinati basi, apita kukatsuka galimoto. Koma ndinamva mawondo akugunda pa simenti.

"Ndine, bamayo. Ndine nenze kunyamula kapu, yonse. Na boza ni yanga. Nenze kuziba kuti tizagona. Uyu sanazibe chilichonse."

Zimene apongozi anawauza m'Chibemba zinali zothamanga kwambiri, sindinatole zonse. Ndinangomva za bambo wa ndevu wopanda nzeru, ndi za mwana amene walira usiku wonse mpaka eni nyumba kudzagogoda. Maso awo anali ofiira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nawonso sanagone. Azimayi a pa mpanda anali atasiya n'kunamizira komwe.

Atatopa anati, "Leta kapu."

Tinalowa m'nyumba. Ndinafinya iwo akuona. Anapita nayo pa khomo, n'kuipendeketsa pa kuwala, n'kununkhiza. Anaviika chala, n'kulawa.

"Taya. Finya futi."

Ndinataya, n'kufinyanso. Analawanso. Mwana kumsana anali kudziponya uku ndi uku. Kachitatu sanalawe. Anangomasula chitenje, n'kundipatsa mwana osandiyang'ana.

Ndinamuika pa bere. Anatembenuza nkhope. Ndinayesa linalo, anakankha ndi kadzanja, n'kuuma msana ngati uta.

"Waona," anatero apongozi chapansipansi. "Mwana aziba." Anayang'ana ku zenera kumene kunali kasosala.

Thukuta linanditsika m'khosi. Koma mwana wanga ndimamudziwa, mkwiyo anatengera kwa agogo ake omwewo. Sindinamukakamize. Ndinamuvula kamalaya, n'kumugoneka pa chifuwa, khungu pa khungu, n'kumamusisita kumsana ndikung'ung'udza kanyimbo ka ku Sande sukulu. M'nyumba monse munali zii ngati pa chilumba paja. Atayamba kufwenthera ndinafinyira kadontho pa mlomo wake. Ananyambita. Anakhala ngati akuganiza. Kenako anatsegula kukamwa n'kugwira bere mwamphamvu moti ndinachita kukuwa, kukuwa kumene ndinakusunga masiku awiri.

Apongozi sananene kuti ndapambana, ndipo ine sindinayembekeze zimenezo. Kasosala kanakhala pa zenera. Thewera lililonse ankalitenga okha, n'kupita nalo panja kukaliyang'ana pa dzuwa, ndipo m'mawa uliwonse ankapapasa liwombo la mwana. Ine ndinkapemphera kuti asatsegule m'mimba ngakhale chifukwa cha mano, poti mlandu ukanagwera bere. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu.

Lachinayi masana ndinapeza pa zenera palibe kanthu. Madzulo ake apongozi anaphika okha kapenta, n'kuwapakulira mwana wawo mbale yodzaza. Amuna anga atangotema kawiri anayamba kutsokomola, misozi ili mbwe, akufufuza madzi.

"Idya," anatero apongozi, akumuyendetsa mwana pa bondo. "Mpilipili iyo ninatwa na manja yanga. Siizatayika."