Luzi Loyezera Phazi

Ine ndine mkamwini. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa munthu amene sanakhalepo pachikamwini sangamvetse chimene ndinachita. Kwathu ndi kumapiri a Ntchisi, koma ndinakwatira ku Chezi, ndipo munda umene ndimalima, dothi limene ndinaumbira njerwa, ngakhale mtengo wa mango umene ndimapumirapo, zonsezo ndi za kuchikazi. Mwini mbumba ndi mlongo wa mkazi wanga, alamu anga, bambo wamtali wosalankhulalankhula amene amagulitsa nsapato za kaunjika m'misika ya kuno.

Kuthamanga ndinayamba ndili pasukulu, ndipo sindinasiye ngakhale nditakwatira. M'mawa ndisanalowe m'munda ndinkakwera zitunda zolowera cha ku Msakambewa, n'kubwerako thukuta lili kamukamu. Amayi opita kudambo ankandikuwiza tsiku ndi tsiku: "Akamwini, akukuthamangitsani ndani lero?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkapsa. Ndiye nditamva pawailesi kuti mumzinda mudzakhala mpikisano wa marathoni, makilomita makumi anayi ndi awiri, ndinati uwu ndi wanga. Zopambana sindinkaziganizira n'komwe, zaka zinali zitapita kale ndipo bondo lakumanja linali litayamba kudandaula. Ndinkangofuna kumaliza kamodzi kokha bondolo lisanakane, ndibwere ndi mendulo m'khosi, ndidutse nayo panjira ya kudambo ija.

Vuto linali nsapato. Sandasi zimene ndinkathamangira zinali zitatha kunsi mpaka ndinkamva kamwala kalikonse. Pafumbi zinkayenda, koma mumzinda ndi phula, ndipo phula likatentha silisewera ndi munthu. Ndinapita kumsika kawiri kukasankha. Ndinkazinyamula, kuzipinda pakati, kukanda kunsi ndi chikhadabo, kuzinunkhiza kuti ndimve ngati azimata ndi guluu. Wogulitsa aliyense ankalumbira kuti zake ndi zenizeni, ndipo munthu akalumbira kwambiri ine ndimabwerera m'mbuyo. Maulendo onse awiri ndinabwerako chimanjamanja. Pabenchi ya alamu anga sindinaimepo, ndinkadutsa cha kuseri.

Chifukwa chake chinalipo. Chaka cham'mbuyo mwake ndinamanga chigafa cha fodya, ndipo mizati iwiri inalowa pang'ono mbali ya alamu. Anandiuza kuti ndisunthe. Ndinayankha mokweza, mawu amene mkamwini sayenera kulankhula. Iwo anangondiyang'ana n'kuchoka. Patatha sabata ziwiri phazi langa lakumanzere linatupa ngati dzungu. Kuchipatala anati ndi minga imene inathyokera mkati, ndipo anaichotsadi, ndinaiona ndi maso anga. Koma kuno tonse timadziwa za kutapa phazi: munthu amatenga dothi pamene waponda mnzake, n'kukachitira zake, mwendo uja basi. Ndipo ine ndinali nditawaona alamu tsiku lina atawerama panjira imene ndinali nditangodutsapo. Kaya ankatola chiyani, kaya ankamanga chingwe cha nsapato, sindinafunse. Ndinangozisunga mumtima.

Ndiye taganizani, tsiku lina madzulo ndikusoka fodya, ndinangoona alamu aima pakhomo pa chigafa chomwe chija.

"Alamu, ndamva mukusowa nsapato zothamangira," anatero. "Loweruka ndikupita ku Lilongwe kukatsegula belo. Mundipatse muyeso wa phazi lanu."

Ha! Muyeso wa phazi langa?

Pempholo palokha silinali lachilendo. Nsapato za kaunjika zimachokera kumayiko osiyanasiyana, manambala ake sagwirizana, ndipo ena amakhala atafufutika. Choncho kuno munthu akamatuma mnzake nsapato amaponda pa luzi, n'kulidula kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, wotumidwayo n'kulitenga m'thumba. Ana anga onse ndinawagulira nsapato choncho. Koma kupereka luzi la phazi langa, ine wothamanga, kwa munthu amene ndinamuona atawerama panjira? Ngati dothi lokha limatupitsa mwendo, nanga muyeso weniweni?

Ndinati ndiganiza kaye. Mkazi wanga atamva anandidabwa.

"Muganiza chiyani abambo? Achimwene akufuna kukuthandizani. Apatseni luzilo."

"Chaka chonse osandilankhula, lero akumbuka phazi langa?"

"Osalankhula ndi ndani? Si inu mumakhota mukawaona?"

Sindinamuuze zimene ndinkaopa. Mkamwini sanganene kwa mkazi wake kuti mlongo wako ndikumukayikira za ufiti, pokhapokha ngati wamanga kale katundu. Kukananso sikukanatheka, kukanakhala kunyoza mwini mbumba kachiwiri. Ndinagwira njakata masiku awiri, kenako nzeru inandibwerera, ndipo ndinadzitama nayo kwambiri. Ndinaponda pa luzi, n'kuwonjezera zala ziwiri, n'kudula. Luzi limenelo silinali phazi langa, silinali phazi la munthu aliyense. Akafuna akachitire zawozo, zikagwera m'malere. Nsapato zikakula pang'ono si nkhani, tonse tinakula tikutsendera mapepala kutsogolo kwa nsapato za akulu athu.

Alamu analandira luzilo, analikulunga pachala n'kuliika m'thumba la shati. Ndinaliyang'ana thumbalo mpaka anakhota kuseri kwa nkhokwe.

Anabwerako Lolemba, maso ali psuu ndi fumbi la mabelo, atanyamula jumbo. Anakhala pampando, mkazi wanga n'kukhala pamphasa, ndipo anatulutsa nsapato. Abale inu, zinali nsapato! Zopepuka ngati palibe kanthu m'manja, zabuluu, kunsi kochindikala koma kofewa, zooneka kuti mwini wake woyamba anangozivala kawiri kapena katatu. Ine amene ndinkapeza chilema pa nsapato iliyonse ya mumsika ndinazitembenuza uku ndi uku osapeza ponena.

"Belo langa munalibe zoyenera," anatero alamu. "Ndinafufuza m'mabelo a anzanga tsiku lonse. Ndiye pali mkulu wina kumeneko amene kale ankathamanga mitunda italiitali. Anandiuza kuti pamtunda wotere phazi limatupa, nsapato isamakhale yothina. Choncho paluzi lanu lija ndinawonjezerapo chala chamanthu."

Ndinawerengera mumtima. Zala zanga ziwiri, kuphatikizapo chala chawo chamanthu, ndipo alamu ali ndi zala ngati chinangwa.

"Tayesani," anatero.

Ndinavala. Phazi linalowa ngati likulowa mumtondo. Ndinakoka zingwe mpaka kumapeto. Alamu anawerama kuti akanikize kutsogolo aone pamene chala chafika, monga amachitira ndi makasitomala awo, koma ine ndinabweza phazi msanga n'kuimirira.

"Zakwana bwinobwino, alamu. Zikomo kwambiri."

"Zoona?"

"Ngati anandipangira ine."

Za malipiro anakana kumva. Anati ndikangomaliza mpikisanowo mbumba yonse yalemekezeka. Mkazi wanga anawomba m'manja, misozi ili m'maso. Ine ndinathokoza ndi pakamwa, koma mumtima ndinkafunsa kuti munthu ameneyu wakomeranji mtima chonchi mwadzidzidzi.

Mawa lake masana ndinatenga nsapato zija kupita nazo m'chigafa. Ndinalowetsa dzanja mkati, ndipo ndinamva chotupa. M'nsapato zonse ziwiri, pakati pa phazi, pa kansalu kopondapo kaja, panali pokwera ngati pabisidwa kanthu. Ndinati eya, ndazipeza! Sandasi zanga zonse zinali zafulati, chotupa ichi chachokera kuti? Ndinasolola tinsalu tija, ndinatenga lezala n'kuting'amba. Ndinkayembekeza kupeza tizitsamba, kapena tsitsi, kapena kachikopa. Munalibe kanthu, siponji yekhayekha, wopangidwa choncho kufakitale kuti azigwira phazi. Ndinayang'ana zidutswazo m'manja mwanga, manyazi n'kundigwira pang'ono, koma pang'ono pokha. Ndinaziponya m'chimbudzi kuti mkazi wanga asazione. Tsopano nsapato zinakulanso kuposa poyamba.

Munthu wanzeru akanazivala n'kuyesa kuthamanga nazo masabata atatu amene anatsala, akanadziwiratu. Ine ayi. Kunsi kwake kunali mizere yokhotakhota imene palibe wina aliyense ku Chezi anali nayo. Ndikanati ndithamange nazo pafumbi, ngakhale wakhungu akanadziwa kuti apa waponda mkamwini uja, ndipo wozigula ndiye akanadziwa kuposa onse. Komanso ife tinaleredwa kuti chatsopano chimadikira tsiku lake. Nsapato za Khirisimasi tinkazinyamula m'manja mpaka pafupi ndi tchalitchi cha kumishoni, n'kupukuta mapazi pa udzu, n'kuvala. Ndiye izi ndinazikulunga m'jumbo n'kuzitsomeka kudenga, ine n'kumapitiriza ndi sandasi zanga zakutha.

Tsiku la mpikisano litayandikira, alamu anati tipitire limodzi. Ndinawauza kuti asavutike, ndi tsiku la msika, asataye makasitomala chifukwa cha ine. Ndinapita ndekha. M'mawa wa tsikulo ndinang'amba chitenje chakale cha mkazi wanga, ndinatsendera zidutswa kutsogolo kwa nsapato, zina n'kuyala pansi m'malo mwa tinsalu tija, ndinavala sokosi ziwiriziwiri n'kumanga zingwe mpaka mitsempha kutupa.

Makilomita khumi oyamba ndinauluka. Anthu a mumzinda ankawefuka pa timitunda timene kwathu sitingatitchule n'komwe kuti chitunda, ine n'kumangowadutsa. Ndinayamba kuona mendulo ija m'maso. Koma dzuwa litakwera, thukuta linanyowetsa nsanza zija, zinayamba kusuntha n'kuunjikana pansi pa zala. Phazi linkatsetsereka, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, pa sitepe iliyonse. Kuchidendene kunayamba kutentha. Ndinaima, ndinakonza nsanza, ndinamanganso. Patapita pang'ono zomwezo. Potsetsereka zala zinkakagunda kutsogolo, pokwera chidendene chinkatuluka. Nditadutsa theka la mtunda ndinamva matuza akuphulika limodzilimodzi, sokosi n'kuyamba kumata.

Ndinavula kuti ndiyese kuthamanga wopanda nsapato, monga tinkathamangira kusukulu. Mayo ine! Phula lotentha pa zilonda zosendeka, sindinafike ngakhale pa mtengo wamagetsi wachitatu. Ndinavalanso, ndinatsimphina, ndinayenda. Amene ndinawadutsa m'mawa aja anayamba kundidutsa, ena mpaka kundisisita paphewa kuti limbani mtima bambo. Chikwangwani cha makilomita makumi atatu ndinachiona patali, koma sindinachifike. Ndinakhala m'mphepete mwa ngalande, ndipo ndikunena mosabisa, ndinalira.

Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva kabaza waima, ndipo wotsika anali alamu. Anali atatseka benchi yawo tsiku la msika, n'kukwera minibasi m'mawa kukandidikira pomalizira. Ataona kuti anthu akutha kufika ine osaoneka, anakwera kabaza n'kumatsata msewu chobwerera, akuyang'ana aliyense wokhala pansi.

Anagwada pafumbi, bambo wamkulu, mwini mbumba, n'kumasula zingwe. Nsapato inangovuka yokha. Sokosi zinali zofiira. Anasolola nsanza zija imodziimodzi, ndipo chitenje cha mlongo wawo sakanalephera kuchizindikira. Analowetsa dzanja mkati, pamene panali kansalu kaja. Kenako anaika nsapatoyo pambali pa phazi langa, n'kuyang'ana mpata umene unatsala. Munthu amene wagulitsa nsapato zaka zonsezi amadziwa kuti chala chamanthu chimodzi sichifika pamenepo. Anayang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira funso.

"Chala changa chija ndi chimene chakupwetekani," anatero pomaliza. "Ndinamvera za anthu. Pepani, alamu."

Pamenepo ndiye panali ponena. Mawu anafika pakhosi, ndinawamva. Koma ndikananena kuti luzi lija ndinalitalikitsa dala, akanafunsa chifukwa, ndipo chifukwacho sichinenedwa kwa munthu amene wakugwadira. Ndinangoti, "Musadandaule, zimachitika." Iwo anatsegula botolo la madzi limene anandigulira kuti ndidzamwe pomaliza, anaika phazi langa pabondo pawo n'kuyamba kutsuka zilondazo pang'onopang'ono. Anandikweza pa kabaza, iwo n'kumayenda pambali atanyamula nsapato m'manja.

Titafika kumudzi anthu anadzaza pakhomo kudzamva. Ndisanatsegule pakamwa alamu anayankha okha, kuti mkamwini wathu anathamanga ngati mphepo, olakwa ndi iwo, anagula nsapato zazikulu. Zikhadabo zitatu zinachoka, ndinakhala mwezi osavala chilichonse kuphazi. Zilonda zitapola, bondo lija linatupa ndi mvula yoyamba, ndipo silinandilolenso kuthamanga mtunda wopitirira kudimba. Mpikisano wanga unali umodzi womwewo.

Nkhani ija inafika mpaka kumsika. Mpaka lero munthu akaima pabenchi ya alamu kuti awatume nsapato, pamapezeka wina womunong'oneza mokweza kuti samala, awa ndi aja anapundula mlamu wawo. Ena amaseka n'kugula, ena amasekanso n'kupita pabenchi ina. Alamu amangomwetulira n'kupitiriza kupukuta nsapato zawo. Nthawi zambiri ine ndimakhala pomwepo, chifukwa masiku ano ndimaima pabenchipo, ndipo sindinatsutsepo ngakhale kamodzi.